Mayi Amene Anadzutsa Nsanja ya Ait Bassu

Tuda anabadwira m'nsanja yakumpoto ya kasiba ya Ait Bassu, chinyumba chachikulu chadothi cha fuko lawo, patatha zaka zitatu chichitikireni njala yaikulu. Masiku amenewo m'chinyumbamo munkagona anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, osawerengera abulu, nkhosa ndi mbuzi za m'zipinda zapansi. Mwana akalira kunsanja yakumwera, mayi amene akupera barele kunsanja yakumpoto ankadziwa kuti ndi wa yani, ndiponso kuti wam'menya ndani.

Anamangitsa nyumbayo ndi Bassu, kholo la fuko lonselo, munthu amene anathera unyamata wake kumbuyo kwa ngamila, kupita kumwera ndi nsalu ndi zipatso za kanjedza zotchedwa tende, n'kubwerako ndi mchere. Miyendo itayamba kukana maulendo, anagula malo m'mbali mwa mtsinje wa Dades, pamudzi wa Tagmut, n'kuitana amisiri a mdindo. Anali ndi ana aamuna anayi amene ankatha kulimbirana ngakhale mthunzi wa kanjedza. Ndiye anauza amisiriwo kuti amange nsanja zinayi, mwana aliyense yakeyake, koma khomo lolowera likhale limodzi. Chitseko chake chinali cha mkungudza wa kumapiri, chokhomedwa misomali ya mitu ikuluikulu ngati zibakera za khanda.

Ana a Bassu anakanganadi, zidzukulu nazonso chimodzimodzi, koma palibe amene anaboola khomo lake. Ndipo chaka cha njala chija akulu a nsanja zinayi anamvana kamodzi m'moyo wawo. Anatsegula nkhokwe za barele, akazi n'kumaphika phala m'miphika isanu ndi umodzi kuyambira m'mawa, aliyense wofika pakhomo n'kumalandira chipande chake. Mpaka lero anthu a m'chigwamo amati a Ait Bassu pakamwa pawo mpowawa koma dzanja lawo n'lotambasuka.

Tuda anali wa mbumba ya mwana wotsiriza wa Bassu. Kusukulu sanapiteko. Zimene anaphunzira kwa mayi ake ndi kuomba makapeti a ubweya wa nkhosa ndi kuzira denga. Denga la kasiba ndi ladothi, losalala ngati bwalo, ndipo chaka chilichonse tende akapsa, mvula isanagwe, akazi ankakwera ndi matope osakaniza ndi mapesi a barele kukatseka ming'alu. Atsikana anzake ankaidandaula ntchitoyo poti inkang'amba zala. Iye ankaikonda, chifukwa padenga ndi pokhapo pamene mtsikana ankatha kuimirira n'kuona chigwa chonse popanda womukalipira.

Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuseri kwa mapiri a Saghro. Kumeneko anakhalako zaka khumi ndi zisanu. Anabereka ana awiri, onse n'kuwaika m'manda asanayambe kuyenda. Mwamuna wake atamwalira ndi chifuwa, abale a mwamunayo anamupatsa mbuzi ziwiri n'kumulozera njira ya kwawo.

Anapeza kasiba ili zii. Amuna anali atapita ku Falansa kukakumba malasha, ndipo ndalama zoyamba kutumiza zinagula simenti. Aliyense anamanga kanyumba kake m'mbali mwa msewu wa phula, ka chitseko chachitsulo chopaka utoto wobiriwira, akazi ndi ana n'kusamukira komweko. Mlongo wake wamng'ono, Zayid, analemba kalata kuchokera ku Falansa kuti Tuda akakhale m'chipinda cha kuseri kwa khitchini kunyumba yake yatsopano. Tuda anakakhalako masiku atatu. Masana m'nyumbamo munkatentha ngati mu uvuni, ndipo mkazi wa Zayid ankaperekeza ndi maso chidutswa chilichonse cha mkate chimene mlendoyo wanyema. Tsiku lachinayi Tuda anamasula mbuzi zake n'kubwerera kunsanja imene anabadwiramo.

Anakhalamo yekha zaka khumi, iye ndi madokowe amene anamanga zisa pansonga za nsanja. Ankaomba makapeti n'kumakagulitsa pamsika wa Lachitatu, ankasinja njere za tende mumtondo kuti adyetse mbuzi, ndipo chaka chilichonse ankakwera padenga ndi matope. Koma madenga amene ankazira akazi makumi awiri, munthu mmodzi sakanawatha. Akatseka kum'mawa, kumadzulo kunkatseguka. M'mudzi anayamba kumutcha mkazi wa madokowe.

Chaka chotsatira, mu Novembala, mvula inagwa masiku asanu osakata. Tsiku lachisanu masana Tuda anafunda thumba kumutu n'kupita kudimba kukamwetera mbuzi msipu. Ali chiweramire, anamva chiphokoso cholemera ngati lole ikukhuthula mchenga. Ataweramuka anaona madokowe akuzungulira m'mwamba, ndipo pamene panali nsanja yakumpoto panali mitambo yokhayokha. Nsanjayo inali itagwera kunja, yasanduka chulu chofiira. Pansi pa chulucho panali mitengo yake yoombera, kapeti amene anali asanamalize, ndi bokosi la malemu mayi ake. Anaima pamvulapo nthawi yaitali, chikwakwa chili m'manja. Kenako anakatulutsa mbuzi n'kusamukira m'kachipinda ka pafupi ndi khomo.

Patatha milungu iwiri, kunja kutayera, pakhomopo panaima lole. Munatsika Addi, mbale wake wa mbumba ya nsanja yakum'mawa, mwini golosale ya pamsewu. Anali ndi mlendo wa jekete lachikopa wochokera ku Marrakech, wogula zinthu zakale, komanso amuna atatu onyamula migwala. Tuda anali akusesa. Ataona migwalayo anaika tsache pansi n'kukhala pachiundo, msana atatsamira chitseko.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anatero Addi. "Tasunthani pang'ono, alendowa aone chitseko."

"Achione ali pomwepo, achimwene. Maso safuna mgwala."

"Nyumba yatha iyi, inunso mukuona. Chaka chamawa igwa nsanja ina. Ndiye chitseko chabwinobwinochi chidyedwe ndi chiswe?"

Tuda anatembenukira kwa mlendo uja. "Bambo, akuuzani kuti chitsekochi eni ake ndi angati?"

Mlendoyo anati anangomva kuti ndi cha a Addi.

"A Addi gawo lawo ndi msomali umodzi, mwina ndi theka. Khalani pamwalapo ndikutchulireni eni ake."

Anayambira pa Bassu, n'kubwera kwa ana ake anayi, ana a anawo, adzukulu, zidzukulutudzi, amene ali ku Falansa, amene ali ku Kasabulanka, mpaka khanda lobadwa mwezi wathawo. Pomwe ankafika pa dzina la makumi asanu ndi atatu ndi anayi, mlendoyo anali atasuta ndudu ziwiri ndipo anthu anali atasonkhana.

"Mukabwere nawo onsewo," anatero Tuda. "Aliyense akavomera ndi pakamwa pake, ine ndidzakuthandizani kukweza m'lole."

Mlendoyo anaseka, n'kuuza Addi kuti iye amagula matabwa, sagula milandu. Addi anatsala chiimire, makutu akutentha.

"Mukudzitama ndi bwinja," anatero. "Ngati mumaikonda chonchi nyumbayi, dzutsani nsanja yanuyo tione. Khoma likadzafika pansanjika yachitatu, ine Addi ndidzasenza dengu la dothi ngati mtsikana, mudzi wonse ukuona."

"Mwamva nonse," anatero Tuda kwa anthu aja, n'kutola tsache lake.

Anayankha mopepuka, koma atalowa m'kati anadzifunsa kuti ayambira pati. Kuzira ankadziwa. Kudinda khoma anangokuona kamodzi ali kamtsikana, chapatali.

M'chigwa chonsecho munatsala mmisiri mmodzi wa mdindo, a Ishu, amene makolo awo ndiwo anamangira Bassu. Ankakhala kutsidya la mtsinje, maso atachita ng'ala, ndipo panali patatha zaka makumi awiri chiwaitanireni munthu pantchito. Tuda anagula chibuma cha shuga, monga achitira munthu wokapempha kanthu, n'kuwoloka. Anawapeza akuwothera dzuwa atatsamira khoma.

"Dada Ishu, ndine Tuda wa ku Ait Bassu."

"Wa madokowe uja? Ndamva kuti nsanja yako yagona. Ndinawauza kalekale bambo ako kuti mpopi wa denga lakumpoto ndi waufupi, madzi akunyambita khoma. Anandiyankha kuti ndimalankhulitsa."

"Ndabwera kuti mukaidzutse."

A Ishu anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi maso ati? Ndi amuna ati? Amuna onse ali pansi pa nthaka ya Azungu. Otsalawa amadziwa simenti basi."

"Manja ndipeza ine. Inu mungobweretsa mutu."

"Manja a yani?"

"A akazi."

Nkhalambayo inasisita chibuma cha shuga chija. "Mayi Tuda, chibadwire changa sindinaonepo mkazi m'chikombole cha mdindo."

"Ndiye palibe vuto, Dada. Ndi maso amenewa simudzamuonabe."

A Ishu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Atapuma anati, "Munsi wake ndi wolemera, mwana wanga."

"Woposa umene timasinjira njere za tende? Ine ndinayamba kusinja mano a ubwana asanaguluke."

Matabwa a chikombole anapezeka atafolera khola la nkhuku pakhomo pa a Ishu. A Ishu analamula mpongozi wawo kuti awachotse, nkhuku zione zochita. Kenako anapereka malamulo awo awiri: tiyi wawo azikhala wa shuga wambiri, ndipo iwo akati gumulani, pasakhale wofunsa chifukwa.

Anayamba mu Febuluwale, chisanu chitayamba kuchepa. Anali atatu, Tuda ndi amayi awiri amasiye a m'fuko lomwelo. Dothi silinasowe, poti linali lomwe lija la nsanja yakugwa. Atalikokolola anapeza maziko amiyala ali gwa monga anawasiyira amisiri a Bassu. A Ishu ankabwera pabulu m'mawa uliwonse n'kukhala pamphasa pansi pa kanjedza. Dothi likawazidwa madzi ankawabweretsera kuti alifumbate. Likagwirana osanyowetsa dzanja, ankagwedeza mutu. Ndiye akaziwo ankaimika matabwa awiri aja moyang'anizana pamaziko, kuthira dothi pakati, mmodzi n'kulowamo ndi munsi kutsindira mpaka lidzaze. Likadzaza ankamasula matabwa n'kusunthira patsogolo.

Amuna otsala m'mudzimo ankaima popita kumzikiti. "Mkate wake ndi waukulu bwanji, amayi," ankatero. "Ukapsa mudzatiitane."

Patatha masiku asanu ndi atatu mzere woyamba unazungulira maziko onse. A Ishu anapempha kuti awagwire dzanja. Anayenda m'mbali mwa khomalo akuligogoda ndi ndodo, khutu atalitchera. Atamaliza anangoti, "Gumulani."

Mmodzi wa amasiye aja anakhala pansi n'kuyamba kulira. Winayo anatenga dengu lake n'kumapita osatsanzika. Tuda anayang'ana matuza a m'manja mwake, anayang'ana khoma. Anatenga khasu n'kuyamba kugumula yekha.

Atagumula theka, a Ishu anamuitana. "Khoma labwino limayankha ngati ng'oma yowamba," anatero. "Lanuli limayankha ngati mimba ya wodwala. Mukusinja pakati pokha ngati mumtondo. Yambirani m'ngodya, mutsate m'mbali, pakati pakhale pomalizira. Ndipo munsi musamaukankhe, uzigwa wokha."

Kuyambira tsiku limenelo ankayang'anira ntchito ndi makutu. Ali pamphasa pawo, kapu ya tiyi ili m'manja, ankangoti, "Wa kumanzere uyo, ukunyengerera. Si mwana wako ameneyo, menya."

Mlungu wachitatu, m'mawa, kunatulukira Ijja, mkazi wa Addi, dengu lili kumsana.

"Alamu, ndilembeni ntchito," anatero.

"Amuna anu akudziwa?" anafunsa Tuda.

"Ndawauza kuti ndikupita kukafulumizitsa dengu lawo lija. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili nawo m'banja, sindinawaonepo atanyamula chinthu cholemera kuposa kapu ya tiyi. Ndikufuna ndione ndisanafe."

M'mbuyo mwa Ijja munabwera ena. Ambiri anali akazi amene analowa m'kasibamo ali akwatibwi, amene tsopano ankaswera okhaokha m'tinyumba ta simenti, amuna awo n'kumabwera mwezi umodzi pachaka. Wamasiye wothawa uja naye anabwerera n'kutola dengu. Pofika Epulo analipo makumi awiri ndi atatu. Ankabwera akatha kuphika ndi kumwetera ziweto, n'kugwira mpaka nthawi ya swala, pemphero la masana. Anapeka nyimbo yotsindirira, yotchula amuna awo mmodzimmodzi pamodzi ndi zofooka zawo, moti anjonda onyoza aja anapeza njira ina yopitira kumzikiti.

Khoma litafika poika mitanda ya nsanjika yoyamba, panafunika mitengo. Ijja anatsogolera anzake ndi nkhwangwa kumunda wa mwamuna wake, kumene kunali mitengo yowongoka m'mbali mwa ngalande. Addi anatseka golosale n'kuthamangira komweko, koma anapeza isanu ndi umodzi ili kale pansi.

"Wakupatsa ndani mitengo yanga?" anafunsa.

"Amene anaithirira," anayankha Ijja. "Kapena mukukumbuka tsiku limene munatsegulira madzi kuno?"

Nkhaniyo itamveka, a nsanja yakumwera ndi yakumadzulo anayamba kung'ung'udza kuti nsanja yatsopanoyo idzatchedwa ya a kum'mawa. M'mawa mwake mitengo yawo inali itaunjikidwa pakhomo. Tuda anaseka yekha poona kuti kulimbirana kwa fuko lake kwagwira ntchito yabwino.

Kumapeto kwa Meyi barele anacha, akazi onse n'kupita kokolola. Kunatentha. Tuda sanafune kuti ntchito iime, ndiye ankakwera yekha makwerero ndi dengu, kuthira, kutsindira, kutsikanso. Tsiku lina phazi linaterereka ali pakati pa makwerero. Anagwera pamulu wa dothi, nthiti ziwiri n'kuthyoka.

Anagona m'kachipinda kake masiku khumi ndi awiri, kupuma kokha kuli kowawa. Mpongozi wa a Ishu ankamubweretsera msuzi. Ali chigonere anayamba kudzifunsa kuti akuvutikira yani, munthu wopanda mwana woti adzamusiyire ngakhale chipinda chimodzi. Anaganiza kuti akadzuka akabweza matabwa a eni ake, nkhuku zipezenso denga. Tsiku la khumi ndi chitatu, dzuwa litangokwera, anamva kugunda kunja. Anayesa kuti ndi mtima wake. Koma kugundako kunapitirira, kenako panamveka mawu a Ijja akutsogolera nyimbo ija, ndi mawu a nkhalamba akuti, "M'ngodya, m'ngodya kaye." Akaziwo anali atamaliza kukolola n'kubwerera okha, wopanda wowaitana. Tuda anatembenukira kukhoma n'kulira, kulira kumene sanalire tsiku limene nsanja inagwa.

Mu Ogasiti amuna a ku Falansa anayamba kufika, magalimoto atasenza katundu mpaka padenga. Zayid anafika masana. Ali pamsewu anaona chinthu chofiira chitatalika kuposa makanjedza pamalo amene anamulembera kuti pali bwinja. Sanatsitse n'komwe katundu. Anayenda kudutsa m'minda ndi nsapato zake za m'tauni, n'kupeza mzere wa akazi akukwera makwerero ndi madengu. Pamwamba penipeni, m'chikombole, munali mlongo wake, nsalu atamanga m'nthiti, munsi uli m'manja.

"Achemwali," anaitana, "tsikani. Mukutichititsa manyazi. Anthu aziti ku Ait Bassu kulibe amuna."

"Anayamba kale kunena," anayankha Tuda osasiya kutsindira. "Wafika bwino, Zayid?"

"Ndati tsikani."

"Kwera udzanditsitse."

Akazi aja anaima, madengu ali kumsana. Zayid anavula jekete n'kukwera. Atafika pamwamba, mpweya uli pakhosi, anayang'ana pansi n'kuona bwalo limene ankaseweramo ali mwana, chitsime, ndi zenera la chipinda cha mayi awo litabwerera pamalo pake. Tuda anamupatsa munsi.

"Yambira m'ngodya," anatero.

Zayid anali atakumba malasha zaka makumi awiri ndi ziwiri, mikono yake sinafune kuphunzitsidwa kawiri. Atamenya kasanu, a Ishu anafuula ali pansi pa kanjedza kuti, "Ameneyo ndi mkazi wa yani? Amuonjezere chakudya."

Chiseko chinamveka mpaka kumsewu. M'mawa mwake kunabwera amuna khumi, mkuja wake makumi atatu. Ena anabwera chifukwa cha manyazi, ena chifukwa akazi awo anawauza kuti nkhomaliro ikaphikidwira kukasiba, wofuna kudya akaipeze komweko. Atafika anafuna kulanda ntchito yonse, koma a Ishu anakana. Anati m'chikombole muzilowa odziwa, alendo azisenza dothi. Choncho amuna amene anabwera ndi magalimoto ankakwera makwerero ndi madengu, akazi awo ali pamwamba kuwauza pothira.

Lachisanu lotsatira khoma linafika pansanjika yachitatu. Anthu atatuluka mumzikiti sanapite kwawo, onse analunjika kukasiba. Ijja anali atakonza dengu latsopano, atalimangirira ulusi wofiira ngati la mkwatibwi. Addi anafika mochedwa, atavala mkanjo wake woyera. Anayang'ana khoma, anayang'ana anthu, n'kuvula mkanjowo.

"Achemwali," anatero kwa Tuda, "mwandigwetsa. Thirani, koma musadzazitse, msana wanga ndi wa golosale."

Anakwera, akazi akuimba nthungululu, amuna akuomba m'manja. Atatsika sanabweze dengulo. Anathiritsanso lina, ndipo anasenza mpaka dzuwa kupendeka. Mitengo ya denga lomaliza anakagula yekha, ngakhale kuti pambuyo pake ankauza aliyense wolowa m'golosale kuti pakanapanda iye kuwaputa akaziwo, nsanjayo sikanadzuka.

Amuna atabwerera ku Falansa, akazi anamaliza nsonga ya nsanja ndi njerwa zosawotcha, a Ishu akuwauza kayalidwe ka maluwa ake mwa kupapasa ndi zala. Mpopi wa denga anauika wautali mikono iwiri. Tende atapsa anazira madenga onse anayi tsiku limodzi. Mvula ya chaka chimenecho inabwera yamphamvu, koma m'kasibamo simunadonthe.

Phwando anadikira nalo Ogasiti wotsatira kuti fuko lonse likhalepo. Anapha nkhosa zisanu ndi ziwiri, kusikusi, chakudya cha timibulu ta ufa, anaphikidwa m'miphika ya chaka cha njala ija. Akuluakulu anakwera kuchipinda cha alendo chapamwamba, chimene kuyambira nthawi ya Bassu munkalowa amuna a fuko ndi alendo olemekezeka okha. Tuda anagwira dzanja la a Ishu n'kukwera nawo. Atafika pakhomo la chipindacho nkhalambayo inaima.

"Ndisiye pano, mwana wanga," ananong'ona. "Agogo anga ndiwo anamanga chipindachi, koma ankadyera pabwalo. Bambo anganso chimodzimodzi. Ife malire athu ndi ano."

"Malirewo ali pati, Dada? Ine sindikuwaona, ndipo inu simungawaone."

Anawakoka n'kulowa nawo. Mkulu wina wa nsanja yakumadzulo anakonza kukhosi ngati akufuna kulankhula. Asanatsegule pakamwa, Zayid anaimirira pamalo pake, pafupi ndi wothira tiyi, n'kukhazika a Ishu pamenepo. Addi anatenga kapu yoyamba n'kuiika m'manja mwawo.

"Shuga ndathira ndine," anatero. "Akachepa mudandaule kwa mwini golosale."

Tuda anatembenuka kuti atsike kwa akazi anzake, koma mkulu wa fuko anamuitana. Anatulutsa kiyi wamtengo wa chitseko cha mkungudza, wautali ngati mkono wa mwana, amene mbumba zinayi zinkalimbirana chimwalirireni Bassu. Anati akambirana ndipo palibe wotsutsa: kiyiyo azisunga Tuda moyo wake wonse, nsanja yakumpoto ndi yake, ndipo nyumba iliyonse ya fuko izitumiza munthu chaka ndi chaka pa tsiku lozira. Tuda analandira ndi manja awiri. Anafuna kunena kanthu, koma pansi pabwalo ng'oma zinali zitayamba ndipo Ijja anali akumuitana ndi dzina.

Si onse anabwerera kudzakhala m'kasibamo. Ambiri anazolowera mipopi ya madzi ndi magetsi a kumsewu. Koma mabanja asanu anabwerera, Zayid atapuma ntchito anatenga zipinda ziwiri pansi pa mlongo wake, ndipo maukwati onse a fuko anayambanso kuchitikira m'bwalo lam'kati. M'zipinda zimene munkagona abulu akazi anaimikamo mitengo yoombera khumi ndi iwiri. A Ishu anamwalira patatha zaka ziwiri. Matabwa a chikombole anasiya atanena kuti apatsidwe Tuda.

Sanakhalitse osagwira ntchito matabwawo. Chaka chomwecho kunabwera amayi atatu ochokera kumtunda kwa chigwa, a fuko lina, atanyamula chibuma cha shuga. Anati khoma la nkhokwe ya makolo awo lagwa, amuna awo akuti kulibenso amisiri, koma iwo amva kuti ku Tagmut alipo. Tuda anawathirira tiyi, anawafunsa mtundu wa dothi lawo ndi kumene madzi a padenga amagwera. M'mawa mwake anamanga matabwa pabulu, Ijja ananyamula minsi iwiri, n'kunyamuka nawo.

Anagwira ntchito imeneyi mpaka tsitsi lonse litayera. M'chigwa cha Dades muli nyumba zisanu ndi ziwiri zimene anadzutsa ndi akazi a m'midzimo, ndipo kumtundako, khoma likachita mng'alu, anthu amati kaitaneni ana a Tuda, kunena amayi amene anaphunzira m'chikombole mwake.